Timitima Mazana Atatu, Magazi Ayi

Lolemba, 3 Juni 2024

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi lachinayi kuchokera pakhomo, pansi pa zenera losatsekeka bwino. Mphepo ya Mzuzu ikungolowa ngati nayonso ili ndi m'bale wake muno.

Kope ili wandigulira Rebecca, mwana wanga, kuti ndizilembamo zonena madokotala, poti iye masana amakhala akuphunzitsa ku Nkhorongo. Likasochera, wolitola adziwe kuti mwini wake ndi Morris Likaka wa ku Chiputula, zaka 71, telala wopuma, kwawo ku Chiradzulu koma wozizidwa kuno kuyambira 1984. Mphoto ya wolibweza ndi yewo chomene, basi.

Ndinasanza magazi Loweruka, dzulonso kawiri. Chimbudzi chakuda bii ngati phula. Bipi 95/60. Mlingo wa magazi 6.1, pomwe mwamuna amayenera kukhala ndi 13. Ndawauza adokotala kuti asadabwe, ine ndi sikisi tinadziwana kale, ngakhale sukulu ndinalekezera pomwepo. Sanaseke. Dzina lawo a Temwani, mayi wachitsikana, akuoneka kuti kuseka amakusiya kunyumba akamabwera kuntchito.

Diripu imodzi. Jakisoni wa zilonda za m'mimba m'mawa ndi madzulo. Kudya ayi, kumwa ayi.

Lachiwiri, 4 Juni

Andiika thumba limodzi la magazi. Anesi a Tamara ati, "Mwawuka uli, asekuru?" Ndati nawuka makora, koma magazi mwandipachikirawa ayenera kuti anali a abusa, chifukwa chiyambire m'mawa sindinanamepo. Awa ndiye aseka.

Pabedi lachisanu pali Che Salumu. Ali ndi golosale kufupi ndi depoti. Shuga wawadyera chala cha kuphazi, achidula sabata yatha. Akazi awo, mayi Tausi, abwera ndi mpunga wa nkhuku wonunkhira mpaka odwala a pakona anatembenuka.

Che Salumu ati, "Achimwene, sambani tidye."

Ndawalozera chikwangwani cha pamutu panga choletsa kudya.

"Ndiye nunkhizani. Kununkhiza sanaletse."

Munthu ameneyu tigwirizana.

Andifunsa chimene ndimakanda pafoni tsiku lonse. Ndawafotokozera za Mkeka wa Alembi, gulu lathu la pa intaneti. Tilimo anthu oposa zikwi zitatu, aliyense amaikamo nkhani kapena ndakatulo zake. Anandilowetsamo ndi Rebecca mayi ake atamwalira, ati ndileke kucheza ndi makina osokera. Kale nkhani zanga ankawerenga ndi Nelia wanga yekha, m'makope, uku akusankha nyemba, n'kumati, "Apa mwanama, bambo a Rebecca." Tsopano ondiwerenga ndi mazanamazana. Amanditcha Gogo wa Mkeka. Nkhani iliyonse ikalowa, timitima mazana atatu, tizithunzi ta moto, ndi ndemanga mbwee: "Zakupsa madala!" "Cholembera chanu chisaume!"

Lamulo la gululi ndi limodzi: usanaike yako, uyambe wayamikira za anzako asanu. Che Salumu ati, "Oho, ndikande ndikukande." Ndati ayi, chimenecho ndi chikondi cha alembi, a golosale simungachimvetse.

Lachitatu, 5 Juni

Andimezetsa paipi ya kamera. Pa zaka zanga ndameza zinthu zambiri zosayenera, koma iyi yaposa zonse.

Apeza chotupa m'mimba, ndicho chikukha magazi. Atengako kachidutswa kokapima. A Temwani ati chiyenera kuchotsedwa, koma sangandilowetse ku fiyeta, kochitira opaleshoni, popanda matumba atatu a magazi pafupi. Vuto ndi lakuti mtundu wanga ndi O negetivu, wosowa kwambiri, ndipo thumba la dzulo linali lomaliza. Apempha ku Lilongwe. Ati pakadali pano abale ndi anzanga abwere ku labu kudzayezetsa, mwina wina angafanane nane.

Rebecca wayezetsa. A pozitivu, watengera mayi ake. Wabwerako maso ali psuu. Ndamuuza kuti asadandaule, zoti ndi mwana wanga sindikukayika, mphuno imeneyo palibenso wina angaivomere.

Wati, "Ababa, abale onse ali ku Chiradzulu, komanso ndi okalamba. Tiitana ndani?"

Ndati iwe pukuta misozi. Ine ndili ndi anthu mazana atatu. A mu Mzuzu muno okha amapitirira makumi asanu. Labu ichepa.

Lachinayi, 6 Juni

Mlingo 6.8. Bipi 100/60.

Kupempha sindinazolowere, ndiye ndalemba m'njira yangayanga. Mutu wake: "Chigalimoto cha 1953 Chadontha Oyilo." Ndafotokoza mmene amakaniko ovala zoyera achigonekera pagalaja, achilowetsa waya kukamwa, achiletsa mafuta, achimanga ndi malamba ake a pampando, chikungolira hutala osayenda. Kumapeto ndalemba mosazungulira: Chigalimotocho ndine. Ndili m'chipatala, wodi ya amuna, bedi 4. Ndikufunika magazi a O negetivu kuti andichite opaleshoni. Amene muli mu Mzuzu, chonde pitani ku labu mukatchule dzina langa.

Ndayamikira asanu monga mwa lamulo, ndaiika.

Ndawawerengeranso Che Salumu. Aseka mpaka kugwira bandeji, koma chapakati andidula: "Apa mwanama, achimwene. Galimoto ya 1953 inali ndi malamba a pampando?"

Mawu amenewo ndinawamva komaliza zaka ziwiri zapitazo.

Nditafika kumapeto sanaseke. Anangoti, "Mulungu akupatseni anthu."

Ndatuma Rebecca kuti andibweretsere jekete la suti ndi chipeso. Alendo asandipeze ngati mkaidi.

Lachisanu, 7 Juni

Timitima 312. Ndemanga 88. Ndikopereko zina muno:

"Kkkkkk gogo mudzatipha!"

"Zakupsa madala, cholembera chisaume."

"Gawo lachiwiri liti?"

"Nkhani yabwino. Nanunso mukaone ndakatulo yanga ya chikondi."

Mark wa ku Chiputula konkuno, amene ndinamusokera suti ya ukwati usiku wake asanakwatire, waika timoto tisanu.

Nthawi yoona odwala ndinakhala tsonga m'jekete, tsitsi nditapesa. Chitseko chikati kwee, ine kukonza kolala. Analowa amayi a mvano odzaimbira wa pabedi 9. Analowa mayi Tausi. Analowa bambo wina wosochera, amafuna wodi ya amayi. Ndapempha anesi a Tamara kuti akafunse ku labu. Abwerako ati palibe watchula dzina langa.

Ndawauza Che Salumu kuti Lachisanu anthu amatanganidwa. Ati, "Eeeya." Eya wake wautali kuposa diripu.

Andilola phala lamadzimadzi, masipuni asanu. Ndadya atatu.

Loweruka, 8 Juni

Mlingo 6.0. Chimbudzi chadanso.

Rebecca wati vuto ndine. "Ababa, inu mumaseketsa anthu ngakhale pamaliro. Ndani angadziwe kuti pano mukunena zoona?" Ndiye ndalemba mizere itatu yopanda nthabwala ndi imodzi yomwe. Sipanathe mphindi khumi, yachotsedwa. Kenako uthenga wa Penjani, mkulu wa gulu: "Gogo, ulemu wanu, koma lamulo la asanu ndi la aliyense. Yamikirani kaye anzanu, kenako muikenso."

Chabwino. Ndagwira foni ndi dzanja lopanda singano. Zakupsa. Zakupsa. Cholembera chisaume. Kamoto. Mwalemba mwaluso. Ndaikanso mizere yanga itatu.

Che Salumu amandiyang'ana, kapu ili m'manja.

"Achimwene, zisanu zonsezo mwawerenga nthawi yanji? Ine tiyi sindinamalize n'komwe."

"Timaona mizere iwiri yoyamba, timadziwiratu komwe ikupita."

"Nanga anthu anu mazana atatu aja, amaona ingati?"

Funso limenelo ndinalidumpha. Ndinayamba kudzitama kuti ine ndine wosiyana, ndemanga zanga zambiri ndimazithira mchere, anthu amaziseka kuposa nkhani zenizenizo. Ati ndiwawerengere imodzi. Ndafufuza m'mbuyo mpaka Febuluwale, ndapeza imene inalandira timitima 40 payokha. Inali pansi pa nkhani ya Hilda wa ku Msongwe, mayi amene sindinamuonepo ndi maso. Mutu wake "Nsapato za Amama". Imayamba ndi kamwana kake, Rachael, ka zaka zisanu, kataba nsapato za gogoda za mayi ake, kakuyenda nazo gwedegwede mpaka kwa aneba. Ine ndinalemba kuti: "Kkkkk kambava aka ndi kamdzukulu kanga ndithu! Mukakwapule pang'ono, kenako mundipatsire moni. Kakadzakula kadzabwere ndidzakasokere diresi la ukwati."

Che Salumu aseka. "Werenganitu nkhani yonseyo, timve kuti anakagwira bwanji."

Ndinawerenga mokweza, ndi mawu anga a sewero aja, kuti wodi yonse imve. Ndime yachitatu mwana watentha thupi. Yachinayi ali kumsana kwa mayi ake pa njinga ya sakaramento, kabaza wa kuno, akuthamangira kuchipatala. Malungo a mu ubongo. Yachisanu mawu a sewero anandithera okha. Mwanayo anamwalira Lachiwiri m'mawa. Mayi ake analemba kuti nsapato zija sanazivalenso, zili pomwe mwana anazisiya, kuseri kwa chitseko, imodzi itagwa chammbali, ndipo akamasesa amazizungulira.

Pansi pake ndemanga 63. Zakupsa. Cholembera chisaume. Pamwamba pa zonsezo yanga, ndi timitima take 40.

Bambo wa pabedi 3, amene sanayankhulepo chibwerereni, anatembenukira kukhoma. Che Salumu anaika kapu pansi n'kuphimba nkhope ndi manja.

Lamulungu, 9 Juni

Bipi 90/55. Chizungulire ndikadzuka.

Ndamulembera Hilda kumbali. Ndafufuta kasanu, chifukwa nthabwala imangolowamo yokha ngati mbuzi m'dimba. Zotsala ndi izi: "Mayi, nkhani ya Rachael ndaiwerenga dzulo, patatha miyezi inayi. Zimene ndinalemba pansi pake ndinalemba ndisanawerenge. Ndilibe chodzitetezera. Pepani."

Foni ikuonetsa kuti wauona. Sanayankhe.

Jekete ndamupatsa Rebecca abwerere nalo kunyumba.

Lolemba, 10 Juni

Mlingo 5.4. Ku Lilongwe ati akufunafunabe.

Mizere itatu ija yalandira timitima 140. Wina walemba, "Mwachidule koma mwaluso, gogo." Ndisaname, anayi awerenga: atatu ati akundipempherera, wachinayi ali ku Joni. Mark waikanso timoto. Kuchoka kwa Mark kufika pano ndi ulendo wa wapansi.

Ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo ukanyamuka umakumana ndi diresi la ukwati lija n'kukhalanso pansi.

Che Salumu, osandiuza, aitana ana a mlongo wawo awiri, Faisal ndi Madi, amuna akuluakulu a ndevu zawo. Atseka mashopu n'kupita ku labu. Wina B, wina O pozitivu. Apereka ndithu, ati athandiza ena. Abwera kudzandipepesa ngati alakwa. Anthu amenewa sanawerengepo mzere wanga ndi umodzi womwe.

Lachiwiri, 11 Juni

5.1. Timapaipi ta mpweya m'mphuno. Cholembera chikulemera.

Nelia, iwe unkafika pamapeto. Sindinakuthokozepo.

Lachitatu, 12 Juni

Che Salumu atuluka. Andisiyira bulangete lawo lachiwiri, ati zenera ili lipha munthu madokotala asanayambe n'komwe.

"Nkhani ya galimoto ija mukaikonze, achimwene. Muchotsemo malamba."

Ndati ndikachira ndidzabwera kugolosale kudzanunkhiza. Aseka, koma dzanja langa analigwira nthawi yaitali.

Pabedi pawo agonekapo munthu wina. Samva Chichewa, samva nthabwala. Foni sindinayatse.

Lachinayi, 13 Juni

Mlingo 5.2. Lero ndilemba zambiri ngakhale dzanja likane.

Masana, nthawi yoona odwala, ndili chigonere maso otseka, ndamva, "Monire, adada. Ndimwe a Likaka?"

Mayi wa zaka ngati makumi atatu, wochepa thupi, juzi yobiriwira, thonje atamumata pamkono. Ndinamudziwa asananene.

"Ndine Hilda."

Ndinafuna kudzuka, mapaipi anandikoka. Pakamwa panafika nthabwala, yoti mwaipeza galimoto ili pamiyala. Ndinaimeza.

Anakhala pampando, chikwama pamiyendo, maso ali pa diripu.

"Ya galimoto ija ndinaiwerenga tsiku lomwelo, adada. Mpaka pamapeto. Ndinaona bedi 4, ndinaona O negetivu."

"Lachinayi lapitalo?"

"Enya. Ine chiyambire Febuluwale ndimawerenga zonse za pa Mkeka. Kulemba ndinasiya, kuyamikira ndinasiya. Ndimangowerenga, kuona ngati alipo wina akulira pakati pa nkhani monga ndinachitira ine. Nditaona yanu ndinati, asiyeni nawonso alaweko. Ndinazimitsa foni n'kupita kukachapa."

Ndati, "Munachita bwino, mayi."

"Yayi. Musandinyengerere. Sindinachite bwino."

Ati anayamba wapita ku labu asanalowe muno. A pozitivu. Wapereka ndithu.

"Ndiye musaganize kuti ndakupulumutsani. Komanso za kukhululuka sindinabwere nazo. Mwina tsiku lina."

Ndati ndamva. Ndamufunsa ngati ndifufute ndemanga ija.

"Isiyeni. Diresi la ukwati lija limandibaya chomene, tsiku lililonse. Koma mwa anthu 63 aja, ndinu nokha munalemba za mwana wanga. Ena onse ankayamikira cholembera."

Ine ndinangofunsa kuti nsapatozo zinali za mtundu wanji.

Anandiyang'ana koyamba.

"Zofiira."

Kenako anayamba yekha. Kuti ankazivala mosemphanitsa, ya kumanja kumanzere. Kuti ankatafuna makala mobisa n'kumakana milomo ili bii. Kuti ankati akadzakula adzakhala nesi, chifukwa manesi amabaya anthu koma palibe amawakwapula. Apa ndinaseka, iyenso anaseka, kenako tonse tinalira, mpaka anesi a Tamara anabwera kudzaona ngati mpweya ukuyenda. Anatiyang'ana, anakoka katani, anapita.

Belu lotulutsa alendo linalira asanamalize. Mlonda anachita kubwera kawiri. Poimirira anati, "Miyezi inayi palibe anandifunsapo. Kunyumba amaopa kutchula dzina lake."

Ndati, "Rachael."

Anagwedeza mutu, anakonza bulangete la Che Salumu kumapazi kwanga, anapita.

Lachisanu, 14 Juni

Mlingo 5.0 m'mawa.

Matumba awiri afika kuchokera ku Lilongwe. Limodzi andiika masana, lina alisunga la ku fiyeta. Amafuna atatu, koma a Temwani ati chotupa chikukhabe, kudikira tsopano n'koopsa kuposa kuchita. Anena poyera, Rebecca ali pomwepo, kuti mtima wa munthu wa zaka zanga, wa magazi ochepa chonchi, ukhoza kupirira kapena ayi. Ndasaina. Ndawauza kuti akatsegula asoke bwino, mwini nsaluyi ndi telala, adzayendera msoko. Pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono. Ndikuwerengera kuti aseka.

Mwini magazi ali m'thupi mwangamu sindidzamudziwa. Sanandiikire kamtima, sananditche gogo. Anangopinda mkono wa malaya.

Opaleshoni mawa 8 koloko.

Loweruka, 15 Juni, m'mawa

Mlingo 6.3. Bipi 100/60. Osadya, osamwa. Andiveka chigauni chotseguka kumbuyo. Amene anasoka chimenechi akanakhala wanga ndikanamuchotsa ntchito.

Ndayatsa foni komaliza. Penjani walemba kuti nkhani ya galimoto yasankhidwa kukhala nkhani ya sabata pa Mkeka, ndipo anthu akudikira gawo lachiwiri. Ndaizimitsa, ndamupatsa Rebecca.

Ndamuuza kuti makina osokera ndi ake. Makope a m'sutikesi, aja ankawerenga mayi ake, akawapatse Che Salumu, akapezemo monse ndinanama.

Wati, "Ababa, siyani zimenezo."

Ndati imva kaye, okankha tirole ya ku fiyeta ali pakhomo. Ndikapanda kudzuka, pa Mkeka usalembepo kanthu. Sindikufuna kukafika kwa mayi ako nditasenza timoto, adzandifunsa kuti ndawotcha chiyani.

Umuuze Hilda yekha, kumbali. Ulembe motalika mmene ungafunire. Iye afika pamapeto.